Boti la a Nabanda

"Taonani uko, alamu. Ndi mmene anzathu amakokera boti."

A Ngozo analoza pawindo ndi fupa la nkhuku. Basi yathu ya ku Blantyre inali itazimitsa injini pamzere wa Beitbridge, ndipo chapambali pankadutsa Land Cruiser yoyera itakoka boti lalitali lofunditsidwa lona mpaka kumchira. Thirela ya matayala anayi, ena awiri apadera atamangidwa pakhosi, malamba ali nganganga. Mwezi wa October anthu oterewa sasowa pachipatachi, amakhala akupita ku Kariba kukapikisana pa mbedza.

A Nabanda sanacheuke n'komwe. "Amenewo akukasewera. Langa ndi la geni."

Awiriwa ndi pachilamu, ndiye palibe amene amasungira mnzake mawu. A Ngozo, Mngoni wa ku Ntcheu, anakwatira mng'ono wa a Nabanda. Amaoda masipeya a galimoto ku Durban n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo Joni anawalowa m'magazi moti ngakhale sikono amafuna aione deti. A Nabanda ndi a ku Monkey Bay. Popita amanyamula usipa wouma, mpunga wa Kilombero ndi zitenje kukagulitsa kwa Amalawi olakalaka zakwawo. Pobwerera, mabulangete ndi zigubu za mafuta ophikira. Ulendo uno anachita zachilendo. Anapereka dipoziti ya boti la fayiba, lakale ndithu koma la injini ziwiri, loti lizikanyamula alendo ku Chembe kupita nawo pachilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba. Botilo linali likadali ku Durban.

"Mwana wanga ali ndi Sienta," anatero a Nabanda. "Adzabwera nayo mwezi wamawa. Wowotcherera wina ku Ndirande wati chokokera ndi ntchito ya tsiku limodzi."

A Ngozo anabwezera fupa m'pepala mwaulemu. "Sienta."

"Eya, Sienta."

"Ija imathamanga pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay ija?"

"Yomweyo. Imanyamula anthu 11 ndi matumba awo osadandaula. Nanga boti poti lili ndi matayala akeake, silikwera pamsana. N'kungolitsogolera njira basi."

"Alamu, Sienta ndi ya mipando 7, injini yake 1.5. Ikakhala yopanda munthu imalemera makilo 1,200 ndi kakuti pamwamba. Boti lanulo limalemera bwanji?"

"Mwini wake anati 1,100. Mwaona? Wamkulu ndi Sienta."

A Ngozo anapempha foni. Anadutsa chithunzi cha a Nabanda ataima pambali pa boti, china atagwira chiwongolero, china atavala jekete yoyandamira pamwamba pa chitenje, mpaka anapeza chimene ankafuna, khosi la thirela. Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Panali kachitsulo kopyapyala kokhomedwa ndi timisomali tinayi, kamodzi katathothoka, m'mbali mwake dzimbiri litatuluka matuza. Manambala ankawerengekabe: GVM 2 500 kg.

Anatembenuza tikiti ya basi n'kusolola cholembera m'thumba la malaya.

"1,100 imeneyo ndi chigoba chokha, boti lili maliseche. Wogulitsa aliyense amatchula imeneyo. Injini ziwiri, tinene kuti iliyonse 160, ndi 320. Thirela ya matayala anayi tiiyike pa 500. Mabatire, nangula, zingwe, majekete, 100. Thanki ndi ya malita angati?"

"200. Ndidzadzazitsa pa Musina. Kwathu petulo mukumudziwa, mpaka ugone pamzere."

"Malita 200 a petulo ndi makilo 150. Tafika pa 2,170. Ndipo ine ndimakudziwani, alamu. M'botimo simudzayenda mphepo."

"Malo onse aja apite opanda kanthu? Limenelo ndi tchimo. Mulowa mabelo awiri a mabulangete, zigubu 10 za mafuta ndi firiji ya amayi abusa."

"Ena 400. Ndiye 2,570. Mwapyola kale zimene thirela inalembedwa kuti isenze, ndipo zonsezi mukufuna zikokedwe ndi galimoto yosafika ndi theka lomwe la kulemera kwake."

"Vuto lanu anthu a ku Joni ndi limeneli," anatero a Nabanda akulanda foni yawo. "Chinthu musanachiyese mwayamba kale masamu. Kwathu timayamba tanyamula, masamu timachita tikafika. Ine ndi maso angawa ndinaona wakabaza atanyamula chitseko ndi felemu yake, pamwamba atagonekapo mbuzi. Akanayamba ndi tikiti ndi cholembera bwenzi mpaka lero ali pasiteji."

"Anafika?"

"Mbuzi inafika."

Mipando yapafupi inaseka. A Ngozo anadikira phokoso lithe.

"Kukoka si nkhani, alamu. Pamalo osalala anyamata anayi akhoza kulikankha botilo. Sienta idzalira koma idzanyamuka, sindikukana. Funso langa n'lakuti bulu akadzadumphira pamsewu musanafike ku Masvingo, mwana wanu n'kuponda buleki, adzaime ndani? Sienta idzafuna kuima, koma kumbuyo kuli matani awiri ndi theka amene sanauzidwe. Zili ngati kumugwiritsa mwana wa sitandade 2 chingwe cha nkhunzi kuti akaimwetse. Pabwalo nkhunzi imamutsatira bwinobwino. Pofika potsetsereka pa dambo, wotsogolera ndi nkhunzi."

"Mngoni akasowa chonena amathawira ku ng'ombe."

"Chabwino, tisiye ng'ombe, tikambe za giyabokosi, poti ndi imene ndimadyera. Ya Sienta ndi CVT, ija ya lamba wachitsulo. Durban ili pagombe. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700. Pakatipo pali Van Reenen, chitunda chimene malole amakwera chokwawa. Injini yopanda turbo ikamakwera kumtunda imachepa mphamvu chifukwa mpweya umapepuka, ndiye mwana wanu adzaponda mpaka pansi, mafuta a m'giyabokosi n'kuwira. Ndikanakhala woipa mtima ndikanangoti bwerani nayo, kasitomala ndampeza."

"Ndiye mwadziulula."

"Chinanso, Sienta ilibe chasisi chapadera ngati cha pikapu. Thupi lake ndi malata opindidwa n'kulumikizidwa. Wowotcherera wanuyo chokokeracho adzachigwiritsa pati?"

"Ameneyo ndi katswiri. Geti la tchalitchi chathu anapanga ndi iyeyo."

"Getilo linapitako ku Tete?"

A Nabanda anafunyulula chitenje n'kuchimanganso, chizindikiro chakuti tsopano nkhondo yayamba.

"Ndikuuzeni chimene mumadera Sienta. Ndi nsanje. Magalimoto a ku Japan amatsikira padoko lanu lomweli la Durban, inu n'kumangowaona akudutsa atakwezedwa pamalole kupita kwa eni ake, chifukwa boma lanu silikulolani kugula yogwiritsidwa kale ntchito kunja. Ndiye poti simungaipeze, mwati ndi yoipa."

"Boma langa? Ine pasipoti yanga ndi yofanana ndi yanu."

"Pasipoti yokha. Mtima munausiya ku Durban."

"Amatero poteteza mafakitale awo. Hilux imapangidwa ku Prospecton, ku Durban komweko. Ranger ku Silverton, ku Pretoria. Isuzu ku Gqeberha, kumene tinkati ku Port Elizabeth. N'chifukwa chake kuno pikapu zili mbwee, ndipo zambiri zimatuluka m'shopu chokokera chili kale, chomangidwa ndi mabawuti pachasisi, kampira kake ka mamilimita 50, soketi ya magetsi ili pambali. Munthu wa kuno amakula akuona bambo ake akukoka chinachake."

"Akukoka chifukwa chiyani? Apo ndi pamene ndimasekera ine. Munthu amakhala ku Pretoria, kopanda nyanja, koma ali ndi boti. Boti limagona m'galaja, lofunda, geti lokhoma, pamene wolitsuka amagona mu mkukhu wa malata. Loweruka alitulutsa, alikokera ku Hartbeespoort kapena ku Vaal Dam, alinyowetsa pang'ono, alipukuta, alibwezera m'nyumba. Kwathu boti limabadwira pagombe. Amisiri amalikhoma pansi pa mtengo, madzi akuwaona apo. Limagwira ntchito usiku uliwonse ndi chilimira, likakalamba limafera pamchenga pomwepo, ana n'kumaseweramo. Phula silimudziwa. Ndiye mukamati Amalawi sitidziwa kukoka boti, n'zoona, chifukwa ife tinaika nyanja pamalo ake oyenera, pafupi ndi boti."

Apa ngakhale a Ngozo anagwedeza mutu. Ndipo kunena zoona, mfundo ya a Nabandayi ndi imene imafotokoza kusiyana konse. Kwathu boti la matabwa likafuna kusamuka, tinene kuchoka ku Mpwepwe kupita ku nyanja ya Chilwa, silifunsa za thirela. Amabwera ndi lole, amayala matayala akutha, amuna makumi awiri amalikweza, amamanga ndi zingwe, basi. Nzeru za thirela sitinazisowepo, ndiye sitinazisonkhanitse. Zikutipeza lero chifukwa maboti a fayiba akuchokera kumene anthu amawayendetsa pamsewu.

"Koma lanuli," anatero a Ngozo, "labadwira kolakwika. Kuchoka ku Durban kukafika ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 2,500, ndipo oposa 1,000 oyambirira ndi a m'dziko la eni masamu. Lamulo lawo la pamsewu ndi la 1996, ndipo pa mathirela silichita nthabwala. Yopanda mabuleki isapyole makilo 750, komanso isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka. Yoposa 750 ikhale ndi mabuleki. Yanuyi ili ndi aja odzigwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, thirela imakankha pakhosi, khosilo limalowa m'kati n'kukoka mabuleki. Ndi mabuleki amtundu umenewo, nambala ija ya GVM isapose kulemera kwa galimoto yokokayo ili yopanda kanthu. Pa disiki amalemba kuti Tare."

"Chabwino, Sienta yagwa mayeso. Tibwereke Hilux ya alamu anu a ku Balaka. Si paja mumaitama kuti imakoka nyumba?"

A Ngozo anakanda m'mutu. "Zatsopano zija za 2.8, zina mwa izo a Toyota amati zimakoka mpaka makilo 3,500 thirela ikakhala ya mabuleki."

"Ndiye nkhani yatha."

"Siinathe. Hilux yokha imalemera matani awiri ndi pang'ono. Thirela yanu inalembedwa 2,500. Mwa lamulo la kuno, ndi mabuleki odzigwira okhawo siyololedwa. Pafunika kuika mabuleki omvera phazi la dalaivala mwachindunji, kapena mupeze galimoto yolemera kuposa thirelayo. Land Cruiser V8 ija."

"Ya anduna ija?"

"Yomweyo."

A Nabanda anaseka mpaka kugwira mpando wakutsogolo. "Tamverani abale! Fakitale ya ku Durban ikuti inde, boma la ku Pretoria likuti ayi, onsewo dziko limodzi. Kwathu tikanena kuti inyamula, timagwirizana tonse: dalaivala, kondakitala, wapolisi, ndi abusa opempherera ulendo."

"N'chifukwa chake abusawo amaitanidwa kawiri."

Basi inati zii pang'ono, kenako wina kumbuyo anati, "Aaa, akuluakulu, tili paulendo!"

A Ngozo amatopetsa, koma apa ndinali mbali yawo. Nambala ya fakitale imanena zimene injini, giyabokosi ndi chasisi zingapirire. Lamulo la kulemera likuyankha funso lina, lakuti pakati pa wokoka ndi wokokedwa, ndani adzalamule mnzake zinthu zikavuta pakona. Ndipo 3,500 ija imabwera ndi mawu ang'onoang'ono amene ogulitsa sawatchula: pikapu ikakhala itadzaza kale anthu asanu ndi katundu kumbuyo, zimene ingakoke zimatsika, chifukwa pali malire ena a kulemera kwa zonse pamodzi. Amalonda ife timawerenga nambala yaikulu yokha.

"Laisensi ya mwana wanu ndi yanji?" anapitiriza a Ngozo.

"Ya galimoto."

"Chilembo chake. Ikakhala B, imathera pa thirela ya 750. Kuposa apo ndi EB."

"Kwathu wapolisi amayang'ana nkhope ndi deti."

"Kuno amawerenga ndi chilembo chomwe."

"Akawerenga samva ludzu?"

"Ena amamva."

"Ndiye ludzu n'limodzi, alamu. La kuno langokwera mtengo poti ndi la ma rand."

"Wapamsewu mukhoza kumuziziritsa kukhosi. Koma boti likadzaphwanya galimoto ya munthu, a inshuwalansi samva ludzu. Adzangofunsa chilembo ndi kulemera, n'kutseka fayilo. Ndipo mapepala sathera pa Limpopo. Thirela imafuna buku lakelake ndi kalata ya apolisi yoti si yakuba. Zimbabwe imafuna chilembo T, choyera kutsogolo kwa thirela, chofiira kumbuyo. Mozambique imafuna kachikwangwani ka makona atatu ka buluu ndi chikasu kosonyeza kuti mukukoka, ndi inshuwalansi yawoyawo yogula pachipata, poti Yellow Card ya COMESA kumeneko siigwira."

"Boti lidzafika kwathu litavala mabaji kuposa msilikali wa KAR."

"Walira mvula walira matope."

A Nabanda anatulutsa mtedza m'chikwama, anapatsa onse oyandikana nawo kupatula a Ngozo. Kenako anaponya bomba lina.

"Tikawoloka Zambezi pa Tete sitidzera ku Mwanza. Tidzalowera ku Dedza. Ndikufuna litsikire ku Golomoti, azakhali anga a ku Mtakataka alione."

A Ngozo anadzuka pampando theka. "Pa Khwekhwerere?"

"Ndi chidule."

"Chidule chopita kuti? Alamu, Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nyanja ili pansi pa 500. Kusiyana konseko msewu uja umakumeza m'makona otsatizana, ena opinda mpaka kuyang'ana kumene wachokera. Potsika chotere thirela imakhala ikukankha nthawi yonse, ndiye mabuleki ake odzigwira okha aja amangogwira osapuma mpaka kufuka utsi. A galimoto nawo akatentha, phazi limangolowa, galimoto osamva. Wodziwa amatsika ndi giya yaing'ono, injini ndi imene imagwira, ndipo amaima panjira kuti zizizire. Kuno pa Town Hill, potsikira ku Pietermaritzburg, malole amakakamizidwa kuima kaye pamwamba asanatsike, ndipo m'mbali anakonzamo misewu ya miyala yothawiramo mabuleki akakana. Pa Khwekhwerere mudzathawira kuti?"

"Kuli anthu. Kwathu galimoto ikavuta anthu amathamanga ndi miyala kudzaika kumatayala. Kuno ukafa pamsewu amangokudutsa mawindo atatseka, wobwera ndi wa breakdown yekha, invoisi ili m'manja."

"Zimenezo ndavomera. Koma mwala umagwira galimoto yoima, osati yothamanga. Ndipo katundu wanu uja mudzamuika mbali iti ya boti?"

"Kumbuyo kuli malo abwino, pafupi ndi injini."

"Ndimadziwa. Boti limalemera kale kumchira chifukwa cha injini. Mukawonjezera zigubu kumeneko, khosi la thirela limapepuka, limayamba kunyamula matako a galimoto m'malo mowapondereza. Liwiro likangokwera, kapena lole ikakudutsani ndi mphepo yake, thirela imayamba kuvina, uku, uku, kuvina kwake kukukulirakulira. Wosadziwa amaponda buleki mwamantha, zonse n'kupindana. Chofunika n'kuchotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka. Pakhosi pamayenera kutsala kulemera ndithu, koti munthu mmodzi asanyamule mosavuta ndi dzanja limodzi."

"Ndiye firiji ipite kutsogolo."

"Firiji ipite pabasi!"

Kondakitala anadutsa akusonkhanitsa mapasipoti, mzere unasuntha kutalika kwa basi imodzi, n'kuimanso. A Nabanda anadikira mpaka a Ngozo atakhazikika, n'kuyamba ndi mawu ofatsa, amene kwa iwo ndi oopsa kuposa okuwa.

"Alamu, Chauncy Maples mumaidziwa?"

"Sitima yakale ija ya amishoni."

"Ife tinakula tikuiona pa Monkey Bay. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa zoposa 3,000, kudzera mu Zambezi ndi Shire, pamathithi anthu n'kusenza pamutu. Koma boyila yake sakanaidula. Matani 11, chinthu chimodzi. Anaiika pangolo, n'kuikoka pamtunda. Mukudziwa anaikoka ndani? Angoni 450. Abale anu. Analibe EB, analibe Tare, analibe chilembo T. Sitima inalowa m'madzi mu 1901."

"Pa tsiku ankayenda mtunda wautali bwanji?"

"Mamailosi atatu, zikayenda bwino."

"Ndiye mwana wanu akayenda mamailosi atatu pa tsiku, ndilibe naye mlandu. Ndipo taonani bwino nkhani yanuyo. Matani 11, anthu 450. Munthu mmodzi tinene makilo 60, onse pamodzi matani 27. Wokoka anali wolemera kuposa wokokedwa kawiri ndi theka. Lamulo la ku Pretoria analitsata lisanalembedwe. Komanso Angoniwo anachokera kuti? Kuno. Ngakhale nthawi imeneyo, chokokera chodalirika chinali chochokera ku Joni."

Apa basi yonse inawomba m'manja, ndipo mayi wina wa ku Chiradzulu anapatsa a Ngozo mtedza umene anamanidwa uja.

A Nabanda sanagonje. "Mwaiwala mbali ina. Azungu a masamu aja analemba manambala pachidutswa chilichonse kuti asadzavutike polumikiza. Kenako anaviika zitsulozo mu mankhwala oletsa dzimbiri, manambala onse n'kukwiririka. Zinawatengera zaka ziwiri kuti ailumikize, mongoyesa ichi apa, ichi apo. Chimalawi chenicheni. Ilala nayo inabwera zidutswa kuchokera ku Scotland, pasitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka, n'kuyamba ntchito mu 1951. Palibe chombo chachikulu cha panyanja yathu chimene chinabwera chokokedwa pa kampira ka mamilimita 50."

"Ndiye lidulenitu lanulo."

"Mudule lanu."

Anakambirananso za thirelayo, ndipo apa a Ngozo anali pakwawo. Thirela ya ku Durban yamwa madzi amchere moyo wake wonse, dzimbiri limadya kuchokera m'kati mwa mapaipi, kunja penti ali bwinobwino. Anati aigogode ndi hamala asanamalize kulipira. Matayala a thirela sakutha mapazi, amakalamba ataima, n'kung'ambika m'mbali, ndipo kutentha kwa phula la ku Tete sikukhululukira tayala lokalamba. Mabering'i asinthe onse asananyamuke, ena apadera m'thumba ndi girisi, ndipo poima paliponse azigwira pakati pa wilo ndi dzanja. Pakaotcha, pali nkhani. Unyolo wachitetezo ukhalepo, ndi kawaya kaja kokoka mabuleki thirela ikaduka. Akafika kunyanja asathamangire kulowetsa thirela m'madzi mawilo ali moto, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimayamwa madzi kulowa m'mabering'i.

"Kulowetsa m'madzi ndi galimoto?" anadabwa a Nabanda. "Pa Chembe?"

"Nanga? N'chifukwa china chofunira ya four-by-four yokhala ndi giya ya low range. Kuno madamu ali ndi potsetsereka pa simenti. Ku Sodwana, kumene kuli mchenga, amalowetsa ndi mathirakitala. Sienta imakoka ndi matayala akutsogolo. Pokwera kuchoka m'madzi kulemera konse kumathawira kumbuyo, akutsogolowo n'kumangopala. Mudzakhala ndi maboti awiri, limodzi losayandama."

"Thirakitala ya chiyani? Ndikangoima pagombe n'kunena kuti anyamata, boti ili, mphindi zisanu sizitha. Amabwera ndi mitengo yoyala pansi, wina amayambitsa nyimbo, boti lili m'madzi. Malipiro ake ndowa ya usipa ndi ulendo umodzi waulere wa ku Thumbi. Thirakitala yanu imaimba?"

"Siimba."

"Imabwera kumaliro?"

"Siibwera."

"Ndiye musandiuze za thirakitala."

A Ngozo anakweza manja. "Pagombe mwawina, alamu. Kuyambira pamchenga kupita m'madzi, Malawi alibe mnzake. Ine nkhawa yanga ndi makilomita 2,500 a kumbuyoko."

A Nabanda anatenga tikiti ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Munthu wa geni akhoza kukana malangizo, koma sakana nambala ikafika pa ndalama. Anawerengera mokweza: kubwereka V8 kapena kusintha mabuleki a thirela, dizilo wopita ndi wobwerera, dalaivala wa EB ndi chakudya chake, matayala anayi atsopano, mabering'i, inshuwalansi ya mayiko atatu, ziphaso za pamsewu za galimoto ndi za thirela payokha. Kenako anafunsa mtengo wa malo pa lole ya fulatibedi yochokera ku Durban kupita ku Malawi.

"Imeneyo ndiye nzeru," anatero a Ngozo. "Boti ndi thirela yake zonse pamwamba, thanki yopanda petulo, malamba kumanga. Lole ili ndi mabuleki a mpweya, matani awiri ndi theka siiwamva n'komwe. Idzere ku Mwanza, Zalewa, Balaka, Liwonde, azakhali adzalione pa WhatsApp."

"Ndiye mwazungulira dziko lonse la Joni, malamulo, ma Tare, ma EB, kuti mudzandiuze zimene asodzi a ku Mpwepwe amachita kale? Kukweza boti palole?"

"Kusiyana kwake n'kwakuti ife tayamba tawerengera."

"Ife?"

"Ndikudziwa dalaivala wina wodalirika. Ndikhoza kukulumikizani. Ndipo poti m'botimo mudzakhala malo, ndili ndi magiyabokosi anayi ndi injini imodzi ya Probox zimene zikundisowetsa mtendere ku Durban. Zikhoza kugona pansi pa mipando, palibe angadandaule."

A Nabanda anatambasula dzanja. "Cholembera."

Anasalaza tikiti ija pabondo, n'kupeza kampata pansi pa 2,570.

"Giyabokosi imodzi ndi makilo angati?"

"Aaa, alamu."

"Ndi injini ya Probox. Ndilipiritsa pa kilo, mu ma rand."

"Pachibale sitiyeza, alamu. Timangoti zikwana."

"Zimenezo ndi za ku Malawi," anatero a Nabanda akunyowetsa nsonga ya cholembera ndi lilime. "Limpopo sitinawoloke. Makilo angati?"